Kuchedwa kwa Christopher Belmont si mlandu wa Game Boy

Mu Okutobala 1989, patangopita miyezi 6 kuchokera pamene Nintendo inayamba kugulitsa Game Boy, kamakina kam'manja kosewerera magemu, ku Japan, kampani ya Konami inatulutsa gemu yotchedwa Dracula Densetsu, imene ku America ndi ku Ulaya inadziwika ndi dzina lakuti Castlevania: The Adventure. Ndi nkhani ya Christopher Belmont, mlenje wa mizukwa yoyamwa magazi, amene amanyamula chikwapu n'kudutsa kumanda, kutsikira m'mapanga, mpaka kukalowa m'chinyumba cha Dracula. Aliyense amene anaisewerapo gemuyi, kaya m'masiku amenewo kapena posachedwapa, akafunsidwa chimene amakumbukira amayamba watchula mayendedwe a mlenjeyo, yemwe amakoka miyendo ngati munthu wowoloka dambo lamatope atasenza mtolo wa nkhuni. Kwa zaka zoposa 30 okonda magemu akale akhala akumuikira kumbuyo, ena akunena kuti kamakinako ndiko kanali kofooka, ena akunena kuti kuchedwako kunali kwadala pofuna kuti wosewera azimva mantha. Ine sindikhutira ndi mayankho onse awiriwa, ndipo ndikuona kuti amaichotsera ulemu gemuyi m'malo moipatsa, chifukwa amaphatikiza zimene opanga ake anachita mwaluso ndi zimene analephera, n'kuzikulunga zonse m'mawu amodzi akuti zinthu zakale zinali choncho.

Woimbidwa mlandu ayenera kumvedwa kaye, ndipo n'zoona kuti Game Boy inali kamakina kosauka ngakhale poyerekeza ndi zinzake za nthawi imeneyo. Sikirini yake inali ya timadontho 160 chopingasa ndi 144 chotsika, inkaonetsa mitundu 4 yokha, kuyambira wobiriwira motuwa kukafika wakuda, ndipo inalibe nyale m'kati, moti munthu ankayenera kukhala pamalo owala kuti aone chimene akuchita. Purosesa yake, yopangidwa ndi kampani ya Sharp, inkayenda pa liwiro la 4.19 MHz, ndipo malo amene pulogalamu inkagwiriramo ntchito anali makilobayiti 8 basi. Gunpei Yokoi, amene ankatsogolera gulu lomwe linapanga kamakinaka, anasankha dala zipangizo zozolowereka ndi zotchipa, ndipo ogula anamuvomereza. Atari Lynx ndi Game Gear ya Sega, zimene zinali ndi masikirini owala amitundumitundu, zinkamaliza mabatire 6 m'maola ochepa, pamene Game Boy, yomwe ku America inkagulidwa madola 89.99, inkapirira maola oposa 10 ndi mabatire 4. Chilema chachikulu cha sikirini yotchipayo chinali chakuti timadontho take tinkachedwa kusintha, kotero kuti chinthu choyenda mofulumira chinkasiya chithunzithunzi kumbuyo kwake, ndipo zonse zikamasuntha nthawi imodzi maso ankangoona chimbuuzi. Choncho amene amati Konami inachepetsa liwiro la Christopher kuti wosewera aziona kumene akuponda sakulankhula zopanda mutu.

Koma mboni zotsutsa maganizo amenewa zili pa kamakina komweko. Super Mario Land, imene inatuluka tsiku limodzi ndi Game Boy mu Epulo 1989, ili ndi munthu wothamanga ndi wodumpha mopepuka pa sikirini yachimbuuzi yomweyo, ndipo anthu miyandamiyanda anaisewera osasochera. Mu 1990 Capcom inatulutsa Gargoyle's Quest, nkhani ya chiwanda chamapiko m'dziko la mizimu, chimene chimauluka, kukangamira pakhoma ndi kulavula moto popanda kukakamira. Chinanso chimene oikira kumbuyo salabadira n'chakuti liwiro la Christopher silikhala limodzi. Pa sikirini pakakhala iye yekha amayenda pang'onopang'ono, koma pakabwera adani angapo gemu yonse imalemererako, mlenje ndi adani ake omwe. Kuchedwa kochita kusankha kukanakhala kofanana nthawi zonse. Kumeneku kumasintha malinga ndi kuchuluka kwa zinthu zimene purosesa ikuwerengetsa, ndipo chimenecho ndi chizindikiro cha pulogalamu imene sinalembedwe mopepuka.

Chimene chinganenedwe mwachilungamo n'chakuti mu 1989 panalibe amene ankakadziwa bwino kamakinaka, ndipo anthu amene anapatsidwa ntchito yotengera Castlevania, gemu imene inali itatchuka kale pa makina ena, pa sikirini yaing'ono ankaphunzira ali pantchito pomwepo. Sanali anthu wamba. Mmodzi mwa olemba pulogalamu ya gemuyi, Masato Maegawa, anadzayambitsa kampani ya Treasure mu 1992 atachoka ku Konami, ndipo gemu yoyamba imene kampaniyo inatulutsa, Gunstar Heroes ya mu 1993, imatchukabe chifukwa cha liwiro ndi kuchuluka kwa zinthu zoyenda nthawi imodzi. N'zoseketsa ndithu kuti munthu amene anadzadziwika ndi liwiro anayamba wagwirako ntchito pa gemu yokwawa chonchi, komanso zikusonyeza kuti chimene chinavuta ndi kusazolowera, kumene kumatha munthu akachita kawiri katatu. Kusazolowera ndi chifukwa chomveka chokhululukira mmisiri, koma sikusandutsa khoma lopotoka kukhala lowongoka.

Yankho lachiwiri ndilo lili ndi mphamvu, ndipo liyenera kufatsiridwa. Nkhani zoopsa za mtundu wa gothic, zimene zinayambira ku England m'zaka za m'ma 1700 ndipo zinapeza mfumu yake m'buku la Bram Stoker la mu 1897 lotchedwa Dracula, zimadalira nyumba zakugwa, manda, usiku wautali ndi choipa chakale chimene chimakana kufa n'kumatsata mibadwo. Mantha ake sabwera modzidzimutsa koma amakula pang'onopang'ono, munthu akuona choopsa chikuyandikira. Castlevania yoyamba, ya mu 1986, inazimvetsa zimenezi. Mlenje wa m'gemu imeneyo, Simon Belmont, sathamanga, akadumpha sangasinthe kumene akupita ali m'malere, ndipo chikwapu chake chimayamba chapita kumbuyo chisanamenye, moti wosewera ayenera kudina batani mdani asanafike pafupi. Ndi gemu ya munthu wodekha, ndipo oikira kumbuyo Christopher amati nayenso akungotiphunzitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene amaiwala n'chakuti Simon anapatsidwa zomuthandiza pa kulemera kwakeko. Anali ndi mpeni woponya patali, nkhwangwa youlukira m'mwamba kumene chikwapu sichifika, madzi odalitsidwa amene amayaka akagwera pansi, mtanda wopita n'kubwerera, ndi wotchi yoimitsa adani. Mitima yogwa m'makandulo ndiyo inali chakudya cha zida zimenezi, kotero kuti pa khomo lililonse wosewera ankadzifunsa chida choti anyamule ndi nthawi yoti achigwiritse ntchito. Kudekhako kunali ndi zochita zake.

Gemu ya mu 1989 inasunga kulemera kwa mlenje koma inataya zida zonsezo. Christopher ali ndi chikwapu chokha. Mitima inasanduka mankhwala obwezera mphamvu, mtanda unasanduka chitetezo cha kanthawi kochepa, ndipo masitepe, amene pa NES, makina a Nintendo olumikiza ku TV pamene pankaseweredwa Castlevania yoyamba, ankalola munthu kumenya akukwera, analowedwa m'malo ndi zingwe zimene mlenje akangozigwira sangathe kukwapula. Chikwapucho chimakula kawiri munthu akatola timipira togwa m'makandulo. Koyamba chimasanduka unyolo wautali, ndipo kachiwiri chimayamba kulavula moto umene umakantha mdani ali patali. Ganizo limeneli n'labwino, pakuti motowo ndiwo ukanalowa m'malo mwa mpeni woponya, koma linabwera ndi lamulo lankhanza lakuti mdani akangomukhudza mlenje, chikwapu chimabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Wosewera amene walakwitsa kamodzi amafooka, kufookako kumamuchititsa kulakwitsa kachiwiri, ndipo pofika kwa chilombo cha kumapeto kwa gawo amakhala atatsala ndi kachikopa kafupi kamene anayamba nako. Gemu yovuta koma yachilungamo imalanga cholakwa n'kumusiyira munthu mpata wodzikonza, pamene iyi imalanga cholakwa pomulanda chida chimene akanadzikonzera nacho.

Pa kudumpha ndi pamene kusapsa kwa ntchitoyi kumaonekera poyera. Chakumapeto kwa gawo loyamba kuli timiyala tondandalikana m'malere, totalikirana mwakuti Christopher amafika pa kotsatira pokhapokha ngati wadumpha ali pamphepete penipeni. Wosewera amamusuntha pang'onopang'ono mpaka kumuona ataima ndi chidendene chokha, thupi lonse lili pamwamba pa mpata, kenaka n'kudina batani, ndipo akafulumira ndi kadontho kamodzi kapena tiwiri mlenjeyo amatsetsereka m'mbali mwa mwala n'kugwa molunjika pansi. Pamenepo kugwa sikupha, kumangomubweza munthu kukayambiranso nthawi ikutha, koma m'magawo otsatira kudumpha kwa mtundu womwewo kumachitika pamwamba pa phompho kapena zisonga, ndiponso pa miyala imene imagwa munthu akangoiponda. Mantha a usiku ndi manda palibepo pamenepa. Mlenje amafa chifukwa amene anayeza mipata ya pakati pa miyala sanasiye malo ololera kuti chala cha munthu chimaphonya, pa sikirini imene iwo eni ankadziwa kuti sionetsa bwino m'mphepete mwa zinthu zikamayenda. Ngati chimbuuzi cha sikirini ndicho chinawachititsa kuchepetsa liwiro, chimbuuzi chomwecho chikanawachititsanso kuyandikizitsa miyalayo, koma sanatero.

Komabe ndingakhale wabodza nditanena kuti m'gemuyi mulibe nzeru. M'gawo lachiwiri muli mlatho wautali umene pamagubuduzika zimaso zikuluzikulu zopanda thupi, zikubwera chimodzichimodzi kumene kuli mlenje. Kuyambira pachiyambi gemu yakhala ikumuzoloweretsa wosewera kuti chilichonse choyenda chiyenera kukwapulidwa, ndipo dzanja limangochita lokha. Koma chidiso chikakwapulidwa chimaphulika, ndipo chikaphulikira pa mlatho chimagumula mbali ya mlathowo n'kusiya mpata umene mlenje wolemerayo ayenera kudumpha, zimaso zina zikubwerabe. Popanda mawu alionse olembedwa munthu amazindikira yekha kuti pamalo pano chikwapu chake ndicho chimene chingamuphetse, ndipo nzeru ndi kuchilumpha chidisocho n'kuchileka chipite. Amene anaganiza zimenezi ankadziwa bwino mmene gemu imaphunzitsira munthu popanda kumulalikira.

Gawo lachitatu ndilo chifukwa chenicheni chosewererabe gemuyi lero, ndipo pano ndi pamene oikira kumbuyo kuchedwa kwa Christopher ali ndi mfundo yoona. Pansi podzaza zisonga pamayamba kukwera, ndipo njira yopulumukira ndi imodzi yokha, kukwera zingwe ndi kudumpha kuchoka pa chingwe china kupita pa china, zisongazo zikutsata m'munsi mosapuma. Mlenje akafika pamwamba n'kuganiza kuti wapulumuka, khoma la zisonga limayamba kumulondola chopingasa. Apa kulemera kwa miyendo yake kumasanduka nkhani yeniyeni ya gemu, chifukwa ndi zimene munthu amamva m'maloto oipa, pamene chinthu chikumuthamangitsa koma miyendo ikukana kunyamuka. Liwiro la zisonga linayezedwa molingana ndi liwiro la mlenje, moti amene sazengereza amakhala patsogolo pang'ono chabe, ndipo amene waima kuti aganize amaona nsonga zake zikutulukira m'munsi mwa sikirini. Makandulo, amene m'magawo ena munthu amangowakwapula podutsa, pano amasanduka mayesero, popeza kuima kuti atole mtima kapena kampira kokulitsa chikwapu ndi kugula mphamvu ndi nthawi imene alibe. Wosewera akafa pamenepa amadziwa chimene chamupha, ndipo amadziwanso kuti anachiona chikubwera.

Kusiyana kwa gawo limeneli ndi timiyala ta m'gawo loyamba ndiko phata la mkangano wonse. Konsekonse mlenje ndi wochedwa, ndipo konsekonse wosewera amafa kambirimbiri. Koma m'gawo lachitatu opanga anamanga malo mozungulira kuchedwako n'kukusandutsa mantha, pamene pa timiyala paja anangomanga malo oyenera munthu wopepuka n'kuikapo munthu wolemera. Oikira kumbuyo gemuyi amatenga chimene chili choona pa gawo limodzi n'kuchifunyulula kuti chiphimbe magawo onse 4, ndipo potero amabisa ngakhale luso la gawo lachitatulo, chifukwa ngati kuchedwa konse kuli kwabwino ndiye kuti palibe chapadera chimene anachita pa zisonga paja.

Za maonekedwe ndi nyimbo sindikangana ndi munthu. Kujambula usiku pa sikirini yopanda nyale ndi ntchito yovuta, chifukwa mdima weniweni ukanameza mlenje ndi adani ake, choncho ojambula anasiya malo ambiri otuwa n'kuikapo mitengo, miyala ya pamanda ndi makoma m'mizere yochepa yakuda. Usiku wa gemuyi umamveka m'makutu kuposa mmene umaonekera m'maso. Game Boy inali ndi mawu 4 okha oimbira, awiri akuthwa otsogolera nyimbo, amodzi amene kawirikawiri ankagwira besi, ndi amodzi a phokoso olowa m'malo mwa ng'oma, ndipo mawu omwewo ankafunikanso kulira chikwapu chikamenya. Shigeru Fukutake, Norio Hanzawa ndi Hidehiro Funauchi anatulutsa m'mawu ochepawo nyimbo zothamanga, zachisoni ndi zaukali, zimene munthu akavala mahedifoni zimagawikana kumakutu onse awiri ngakhale kamakinako kali ndi sipika imodzi. Apa ndi pamene kuchepa kwa kamakina kunabaladi luso, ndipo n'zochititsa chidwi kuti oimbawo, amene anali ndi malire okhwima kuposa aliyense, safunika munthu wowapepesera. Nyimbo ya gawo loyamba imathamanga kuposa mlenje amene ikumuimbira.

Mboni yomaliza ndi yaikulu inabwera mu 1991, pamene Konami inatulutsa Castlevania II: Belmont's Revenge pa kamakina komweko, kopanda chosintha chilichonse m'kati. Gemu ya mu 1989 imatha chinyumba chikugwa, mleme n'kutuluka m'mabwinja, ndipo yachiwiri imayamba patapita zaka 15, Dracula atalanda Soleil, mwana wa Christopher, n'kumusandutsa chida chake. M'ndondomeko ya zaka imene Konami inadzakonza pambuyo pake, nkhani yoyamba inaikidwa mu 1576 ndipo yachiwiri mu 1591. Christopher wa m'gemu yachiwiri akadali munthu woyenda modekha, ndipo zimenezi n'zofunika kuziona, chifukwa zikusonyeza kuti opanga sanataye mtima wa Castlevania. Chimene anataya ndi kukakamira. Mlenje amamvera batani nthawi yomweyo, amatha kukwapula ali pa chingwe, amatha kutsetsereka pa chingwecho mofulumira, ndipo chikwapu chake sichifookanso nthawi zonse mdani akamukhudza. Madzi odalitsidwa anabwerera, pamodzi ndi nkhwangwa ku America ndi mtanda ku Japan. Wosewera amasankha yekha linga loyambira mwa malinga 4, la miyala, la mitambo, la zomera ndi la kristalo, asanapite kwa Dracula, ndipo amapatsidwa chizindikiro chachinsinsi choti adzayambire pomwe analekezera.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri m'gemu yachiwiriyi n'chakuti inatenga nzeru ya pa mlatho ija n'kuichulukitsa. Muli malo amene akangaude amatsika kuchokera kudenga, ndipo ulusi wawo ndiwo chingwe chokhacho chowolokera, kotero kuti kupha kangaude msanga ndi kudzifupikitsira njira. Muli chipinda china chimene makandulo ndiwo akuwalitsa, ndipo wosewera akawakwapula monga mwachizolowezi mumagwa mdima, tizilombo timene tinangokhala duu m'kuwala n'kuyamba kuyenda. Kwa zaka 5 Castlevania inali itaphunzitsa anthu kuti kandulo ndi mphatso yoyembekezera chikwapu, ndipo chipinda chimodzi chinawakumbutsa kuti kandulo ndi nyale. Amenewa ndiwo mantha a gothic opangidwa ndi malamulo a gemu, pa sikirini ya mitundu 4, ndi purosesa yomweyo imene ena amati ndiyo inamanga miyendo ya Christopher mu 1989. Katiriji (kabokosi kosungiramo gemu kolowetsa m'kamakina) ya gemu yachiwiri inali ndi malo ochulukirapo, n'zoona, koma malo amawonjezera kuchuluka kwa zipinda ndi nyimbo, sasintha mmene mlenje amamvera chala cha wosewera.

Pali mfundo ina imene imanenedwa motsitsa mawu, yakuti gemu ya magawo 4, imene katswiri amaimaliza osakwana ola, inayenera kukhala yovuta kuti wogula aone kuti ndalama zake sizinapite pachabe. Mwina ndi mmene ambiri ankaganizira m'masiku amenewo, koma ndi ganizo la wogulitsa, ndipo wosewera sayenera kulitenga ngati lake. Ndiponso silinkagwirizana ndi kamakina kam'manja, kamene munthu amakayatsa kwa mphindi zochepa n'kukazimitsa, pena mabatire n'kumuthera ali pakati pa gawo. Gemu yoyamba inalibe njira yosungira pomwe munthu wafika, moti amene wavutika n'kudutsa zisonga za m'gawo lachitatu akazimitsa ankayambiranso kumanda.

Mu Meyi 2019 Konami inaika magemu onse awiriwa mu Castlevania Anniversary Collection, mmene wosewera amatha kusunga gemu pamalo alionse n'kubwererapo akafa. Ena mwa okonda zakale amati kumeneko ndi kubera, ndipo amati amene sanamve kuwawa koyambiranso sanaisewere gemu yeniyeni. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndi muyeso wabwino kwambiri umene gemuyi inayamba yayesedwapo. Munthu akasunga asanadumphe timiyala tija, zonse zimene zimatsala ndi kubwereza kadumphidwe kamodzi mpaka katheke, ndipo kakatheka palibe chimene waphunzira kupatula kadontho koyenera kuimapo. Koma akasunga pakati pa zisonga zokwera, mantha sachoka, chifukwa zisongazo zimayambiranso kukwera kuchokera pomwe anasungirapo ndipo miyendo ya mlenje ikadali yolemera. Chimene chinali luso chimapirira kusungako, ndipo chimene chinali chongotalikitsa gemu chimaululika.

N'chifukwa chake sindigwirizananso ndi amene amati gemu yoyambayi ingoiwalika popeza yachiwiri inaiposa. Munthu sangaone kukula kwa zimene Konami inaphunzira m'zaka ziwiri ngati sanagwire chingwe ndi Christopher wa mu 1989 n'kulephera kukwapula mleme umene ukumuzungulira. Ntchito zoyamba pa kamakina katsopano ndizo zimaonetsa kumene anthu ankapunthwa, ndipo mbiri ya magemu yosunga zopambana zokha ikhoza kunamiza wophunzira kuti luso limabadwa lathunthu. Kuisunga gemuyi n'koyenera, ndipo kuisunga sikufuna kuti munthu aname za iyo.

Chodandaulitsa chili kwina. Mu 2009 kampani ya M2 inapangira Konami gemu yotchedwa Castlevania: The Adventure ReBirth, imene inatenga nkhani ya Christopher n'kuimanga mwatsopano, ndi mitundu yowala, zida zoponya zija zitabwerera, ndi mlenje womvera batani. Inkagulitsidwa pa intaneti pokha, m'sitolo ya Nintendo ya makina a Wii, popanda katiriji kapena chimbale. Sitoloyo inatsekedwa mu Januwale 2019, ndipo mtolo wa magemu umene Konami inatulutsa patapita miyezi 4 unalibe ReBirth. Kafukufuku amene bungwe la Video Game History Foundation linatulutsa mu 2023 anapeza kuti magemu 87 mwa 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso, ndipo zimene zinachitikira ReBirth zikusonyeza kuti chimene chimapulumutsa gemu si ubwino wake. Katiriji yotuwa ya mu 1989, ndi zilema zake zonse, ikhoza kulowetsedwa m'kamakina ka zaka zoposa 30 n'kuyaka, ndipo eni ake anaiikanso pamsika, pamene gemu imene inapangidwa kuti ikonze zilemazo inasowa pogulira patangotha zaka zosakwana 10. Ngati Konami inaona kuti Christopher wokwawa uja ndi woyenera kusungidwa, ndipo inaona bwino, inayenera kumuika pamodzi ndi Christopher wa mu 2009, kuti wosewera aziyerekeza yekha magemu atatu onsewo.